Agalu m'dimba la Mawaya

Dzina lake lenileni linatsalira m'mabuku a kufakitale. Mumsewu umene ankakhala aliyense ankangoti Mawaya, mwiniwake n'kumavomera, pakuti zaka makumi atatu ndi chimodzi anazithera pa makina olukira waya wa mipanda. Zikhatho zake zinali zolimba ngati chidendene, ndipo chala chake chamkombaphala chinapindikiratu, moti akaloza munthu, wolozedwayo ankacheukira mnzake wa pambali. Waya wotayidwa sankaupitirira. Ankautola, kuuwongola pabondo, n'kuulonga m'thumba. Pakhomo pake chilichonse chinali chogwira ndi waya: chigwiriro cha ketulo, mwendo wa mpando, ngakhale magalasi ake a maso. Anthu ankanena kuti mdala ameneyu akadzathyoka mwendo kuchipatala sadzapitako, adzangoitanitsa pulayazi.

Fakitale itamupumitsa, anapeza kashedi kumbali kwa msika komwe ankakonza makola a nkhuku, misampha ya makoswe ndi masefa a mchenga. Ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa lili paliwombo. Kujomba kunalibe, chifukwa tsiku limene pulayazi yagona ndiye kuti nawonso mapoto agona.

Ngakhale mkazi anamupeza ndi waya womwewo. Mkaziyo ali mtsikana ankagulitsa tomato pageti la fakitale antchito akamaweruka. Tsiku lina dengu lake linaphulika kunsi, tomato n'kumwazika m'fumbi, anyamata akuseka. Mawaya sanaseke. Anapisa m'thumba, anagwada, n'kulisoka dengulo pomwepo. Patapita zaka mkaziyo ankauza anzake kuti mawu achikondi sanawamvepo kwa mwamuna wake, anangoona kuti zinthu zake zasiya kuthyoka.

Ntchito imene Mawaya ankadziguguda nayo pachifuwa sinali ya kufakitale kapena ya kumsika ayi. Unali mpanda wa kadimba ka mkazi wakeyo kuseri kwa nyumba. Anauluka ndi manja chaka chimene analowa m'nyumbamo, maso ake aang'ono oti mwanapiye sangapitepo, m'munsi ataukwirira m'nthaka kulekeza m'bondo. Pageti anaikapo ngowe ya nzeru zake: ukweze, upotoze, kenaka ukoke. Mlendo ankalimbana nayo mpaka thukuta. Oidziwa anali atatu basi: Mawaya, mkazi wake, ndi mayi telala wa nyumba yoyandikana, amene anaphunzitsidwa kuti azidzazula yekha anyezi mnzake akatanganidwa.

Mkaziyo anali munthu wa dothi. Zolankhula sizinkamuchulukira, koma mbewu iliyonse imene waikhudza inkamumvera. Kabichi, repu, tomato, anyezi, karoti, zonse zinkakondwa pa kamalo koti ukhoza kukayeza ndi mapazi khumi ndi awiri. Podzala anali ndi kachitidwe kake kosasintha: kuboola ndi chala, kuponyamo, kukwirira, kusindikiza ndi chikhatho kawiri, n'kusendera kutsogolo. Kumbuyo sankacheuka. Ankati wocheuka podzala amakhotetsa mzere.

Mwana anali mmodzi yekha, wamkazi, mphunzitsi, wokwatiwa kumzinda wina wa ulendo wa tsiku lathunthu. Ankakhala m'nyumba yosanja, zipinda ziwiri, iye, mwamuna wake ndi ana atatu. Dothi lokhalo limene linali kumeneko ndi la m'chitini cha maluwa pawindo.

Matenda a mkazi wa Mawaya anabwera mokwawa. Mchere mu tiyi, supuni m'nsapato, funso limodzi kasanu. Tsiku lina anapita kukagula machesi n'kukapezeka dzuwa litapendeka pa siteji ya mabasi, atakhala pansi, akudikira chimene iye mwini sankachidziwa. Mphunzitsi atamva anabwera, anapita naye kuchipatala, anabwerako ndi mapiritsi, ndipo asanakwere basi yobwerera anaitanira bambo ake pambali.

"Bambo, zikaonjeza ndibwera kudzawatenga amayi. Kwathu malo ndi ochepa, mukudziwa, koma iwo okha tiwapezera pogona. Inu mudzatsala kusunga nyumba. Sindikupempha, ndikukuuziranitu."

Mawaya anangoti zamveka, koma mumtima analumbira. Zaka makumi anayi ndi zitatu akugona chipinda chimodzi, lero munthu wake akamukweze m'mwamba ngati nkhunda, iye atsale akuyankhula ndi zipupa? Ndiye Lamlungu lililonse foni ikalira, yankho linali lokonzeratu: "Ali bwino. Akudya. Ndikabwera ndimapeza mbale ili mbee, atatsuka okha." Ndipo silinali bodza lonse. M'mawa uliwonse ankasiya chakudya chovindikira patebulo, dzira lowiritsa, kansomba, nthuli ya nyama ikapezeka, ndipo masana mbale inkakhala yoyera pathandala. Cha m'ma teni mayi telala ankasiya makina ake n'kudzamumwetsa wodwalayo mapiritsi. Nthawi yotsalayo mkaziyo ankakhala m'dimba, ndipo m'dimbamo anali munthu wathunthu. Dzina la mdzukulu ankaliiwala, koma bedi limene lathiriridwa dzulo sankaliiwala.

Agalu anayamba kabichi atangowokeredwa kumene. Mawaya anabwera masana n'kupeza mzere wonse utafukulidwa, mbande zili chagada mizu kumwamba, mapazi a agalu paliponse. Geti linali lotseka, ngowe ili m'malo mwake. Mkazi wake anali pakhonde, manja pamiyendo.

"Mayi, agalu alowa bwanji m'dimba?"

"Agalu ake ati?"

"Simunawaone?"

"Ine ndangodzala basi," anatero mkaziyo, akuyang'ana kumsewu.

Msewu umenewo agalu sunkasowa. Panali wakuda wa kugalaja, awiri opanda mwini amene ankagona kunsi kwa galimoto yakufa, ndi galu wa mayi telala, wamkazi, wokalamba, khutu limodzi long'ambika, dzina lake Ndilekeni. Mawaya anayenda ndi maondo kuzungulira mpanda wonse kufuna pobooka. Panalibe. Anakumba m'munsi kuona ngati waya wadyeka ndi dzimbiri. Unali wabwinobwino. Anawokera mbande zina, mawa lake nazonso zinali chagada.

Apa mdala anapsa mtima zenizeni, osati chifukwa cha kabichi, koma kuti galu, chinthu chodya za kudzala, chimuchititse manyazi pa ntchito ya manja ake. Anakweza mpanda ndi mizere iwiri ya waya waminga. Anawaza tsabola wosinja. Anaimika mabotolo a madzi m'makona monga anamulangizira wogulitsa mapaipi, amene ankalumbira kuti galu amaopa chithunzi chake chomwe. Anathira oilo wakuda m'mbali monse. M'thumba la jekete ankayenda ndi miyala, moti agalu onse anamudziwa, akangotulukira pakona iwo michira pakati pa miyendo. Koma maenje ankapezekabe, ndipo nthawi zonse mumzere wowongoka, otalikirana mofanana, ngati galuyo anapita kusukulu ya zaulimi.

Mnzake wa pashedi yoyandikana, wowotcherera zitsulo, anamuuza kuti angopaka mankhwala a makoswe pa fupa nkhani ithe.

"Achimwene, ine ndine wa mpanda," anayankha Mawaya. "Wothira poizoni ndi munthu amene mpanda wamukanika. Mukufuna ndilengeze ndekha?"

M'malo mwake anasefa phulusa n'kuliwaza kuzungulira mpanda wonse asananyamuke. Masana phulusa linamuuza zoona. M'mbali monse munalibe phazi ngakhale limodzi, koma pageti panali popondedwapondedwa, mapazi olowa ndi otuluka. Agalu ankalowera pakhomo ngati alendo oitanidwa.

Munthu wobisa chinthu amayamba wadzibisira yekha. Odziwa ngowe anali atatu. Iye ankakhala ali kumsika. Mkazi wake zaka zonsezi sanasiyepo geti lotsegula, ngakhale tsiku limene analandira uthenga wa maliro a mayi ake anayamba wakoweka ngowe, kulira pambuyo. Ndiye mutu wa Mawaya unamulumpha wachiwiriyo n'kukatera pa wachitatu. Anapita kwa mayi telala phulusa lidakali m'manja.

Anamupeza pakhonde akupalasa makina, mapini ali pakamwa, Ndilekeni atagona kunsi kwa tebulo mphuno ili dothi lokhalokha.

"Mayi, ngati anyezi wathu wakukwanani, nenani. Koma kumatsegulira galu wanu kuti azitifukulira, chimenecho ndiye ayi."

Mayi telala anachotsa mapini pakamwa mosafulumira.

"A Mawaya, m'dimba mwanu ndatha mwezi osapondamo. Ndimawamwetsa mapiritsi pakhonde n'kubwerera kumakina. Galu wanga ndi wadyera, sindikana, koma ngowe yanu ija ngakhale ine imanditulutsa thukuta. Paja akulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Inu mukulimbana ndi polowera, bwanji osafunsa chimene akukumba?"

"Akukumba kabichi wanga."

"Galu anayamba liti kudya kabichi? Ndipo poti mwabwera nokha, ndikuuzeni. Diresi la amayi la maluwa lija ndalibweza kawiri m'chiuno mwezi uno wokha. Tepi yanga sinama. Munthu uja akutha. Muuzeni mwana wanu, bambo. Ukabisa matenda maliro adzaulula."

Akanakhala wina akanathokoza, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Koma pa zonsezo Mawaya anangomva zoti mwana wanu, ndipo mantha anamutulukira pakamwa ngati mwano.

"Za pakhomo panga muzisiye. Mapiritsi ndiziwamwetsa ndekha. Kuyambira lero phazi lanu ndisalionenso, lanu ndi la galu wanu yemwe."

Mayi telala anabweza mapini pakamwa n'kuyambanso kupalasa.

Mawaya anathamangitsa mwini mawu, koma mawuwo anatsala m'khutu. M'mawa mwake Mawaya anavala jekete, anatsazika monga mwa masiku onse, anafika pakona, n'kuzungulira njira ya kuseri. Analowa m'kachipinda kosungiramo makasu ndi mawaya ake, anakhala pa chidebe, diso pa mng'alu wa chitseko. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekha mpaka miyendo inachita dzanzi.

Dzuwa litakwera mkazi wake anatuluka, mbale ili m'manja, yovindikira monga iye anaisiyira. Agalu anali atafika kale, anayi onse, atakhala mwaulemu, michira ikusesa pansi. Mkaziyo anakweza ngowe, anapotoza, anakoka. Agalu analowa naye, iye n'kukoweka geti bwinobwino. Anagwada kumutu kwa bedi, anavundukula mbale, dzira analibenthula panayi, nsomba anainyotsola tizidutswa. Kenaka anaboola ndi chala, anaponyamo kachidutswa, anakwirira, anasindikiza ndi chikhatho kawiri, n'kusendera kutsogolo, uku akung'ung'udza kanyimbo. Kumbuyo kwake Ndilekeni anali akufukula phando loyamba, wakuda wa kugalaja lachiwiri, dothi ndi mbande zikuuluka. Iye sanacheuke. Atafika kumapeto kwa mzere anaimirira, anadziwongola msana, anadutsa pakati pa maenjewo ngati sakuwaona, anatulutsa agalu ngati anzake oweruka nawo ntchito, anakoweka ngowe, n'kupita pampopi kukatsuka mbale.

Mawaya anakhalabe pa chidebe paja. Misozi inkadzaza m'magalasi, iye osaipukuta. Miyala inali m'thumba, koma akanagenda yani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Masabata onsewa iye ankalimbana ndi agalu mkazi wake akuswera ndi njala, ndipo iye mwini ndi amene ankalengeza pafoni za mbale yoyera.

Apa ndiye pamene akanaimba foni. Koma Mawaya anali munthu wa mpanda, ndipo kwa iye vuto lililonse linali ndi polowera pake poti n'kutseka. Anaganiza motere: akapanda kulowa m'dimba ine kulibe, chakudya sadzala, akapanda kudzala, adya, akadya thupi libwerera, mwana sadziwa kanthu. Masana ndikabwera tizilowa tonse. Anapita kumsika n'kugula loko wamkuwa, woyamba m'moyo wake, munthu amene ankanyoza maloko kuti ndi a anthu opanda luso.

M'mawa mwake anamumwetsa mkazi wake mapiritsi, anavindikira mbale, anakhoma loko pageti mwiniwake ali kubafa, kiyi n'kuponya m'thumba. Kushedi ntchito sinayende. Anadzicheka kawiri, khola la nkhuku analiika chitseko chozondoka. Nthawi isanakwane anatseka n'kuuyamba wa kunyumba.

Anapeza mkazi wake pageti la dimba, atagwada, dzuwa likuswa mtengo. Mbale inali pansi, yovindikirabe, agalu anayi atakhala mozungulira akudikira. Ngowe anali ataikweza, ataipotoza, ataikoka, ndipo geti litakana anayamba kumasula mpanda weniweniwo ndi zala, pa mfundo zimene mwamuna wake anazimanga ndi pulayazi zaka makumi atatu zapitazo. Anali atamasula zitatu. Zikhadabo ziwiri zinali zitazuka, magazi atayenderera mpaka m'zigongono n'kuuma. Milomo inali itang'ambika ndi ludzu. Kuyambira m'mawa anali pomwepo.

"Mayi! Mayi, mukutani?"

Mkaziyo anatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mwaulemu, monga mmene umayang'anira munthu wodzawerenga mita ya madzi.

"Zikomo bambo. Kaya ndinu a konkuno? Wina wanditsekera dimba langa. Mpanda uwu anandilukira amuna anga ndi manja awo. Akabwera n'kuona zimenezi, sizikhala bwino."

Machesi, mayina a adzukulu, njira ya kumsika, zonsezo zinapita Mawaya akuona ndipo anapirira. Koma nkhope yake inali isanaiwalikepo. Anatulutsa kiyi, anaphonya kabowo katatu, kachinayi loko n'kutseguka.

"Ambuye akudalitseni," anatero mkaziyo. "Anthu abwino adakalipo."

Anatola mbale n'kulowa, agalu pambuyo pake. Mawaya sanawaletse. Anaima atagwira geti mpaka mzere unatha.

Atamutsuka zala n'kumumwetsa madzi, anapita kwa mayi telala chipewa chili m'manja. Anaima pansi, pakhonde osakwerapo.

"Mayi, ndinakulakwirani. Mlandu ndi wanga, galu wanu alibe kanthu. Ndithandizeni tinsalu toyera tomangira zala, ndipo mukakhale nawo pang'ono. Ndikufuna ndiimbe foni, koma pamaso pawo sindingathe."

Mayi telala anali ndi zambiri zoti anene, ndipo palibe akanamudzudzula. Anangomasula thumba la zidutswa n'kuyamba kusankha zoyera.

Foni anakaimbira kuseri kwa kachipinda ka makasu. Mphunzitsi anali pa nthawi yopuma, ana a sukulu akumveka kusokosera chapatali.

"Bambo, lero si Lamlungu. Kwagwanji?"

"Mwanawe, ndakhala ndikukunamiza. Amayi ako sakudya. Bwera udzawatenge."

Masiku atatu otsatirawo Mawaya kushedi sanapondeko. Ankamudyetsa mkazi wake ndi supuni. Nthawi zina mkaziyo ankamudziwa n'kumufunsa chifukwa chimene sanametere ndevu, nthawi zina ankamuthokoza ngati mlendo wachifundo.

Mphunzitsi anabwera Loweruka ndi mwamuna wake pa galimoto yobwereka. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamupweteka Mawaya kuposa kutukwanidwa. Analongedza madiresi, mapiritsi, bulangete ndi buku la nyimbo, ndipo zonse zinakwana m'chikwama chimodzi. M'mawa umenewo mkaziyo anali atamudziwa mwamuna wake, mpaka anamukonzera kolala ya malaya. Mawaya anapemphera chamumtima kuti zikhale choncho mpaka ponyamuka, kuti atsazikane ngati anthu.

Anamukweza kumpando wa kumbuyo, zala zili m'tinsalu. Mkamwini analiza injini. Mphunzitsi anagwira dzanja la bambo ake n'kunena kuti azibwera kudzawaona mwezi ndi mwezi, ndipo onse awiri ankadziwa kutalika kwa ulendowo. Galimoto itayamba kusuntha, mkaziyo anagogoda pagalasi. Mkamwini anaima, mphunzitsi anatsitsa galasi, Mawaya anaweramira pawindo mtima uli m'mwamba.

"Inu bambo, pepani, ndikutumeniko," anatero mkazi wake motsitsa mawu. "Amuna anga ali kuntchito, amabwera masana. Muwauze kuti anthu awa anditenga, sindinathe kuwadikira. Asandifunefune, angatope. Ndibwera."

"Ndiwauza, mayi."

"Musaiwale. Amada nkhawa msanga anthu aja, kungoti sayankhula."

"Sindiiwala."

Galimoto inanyamuka. Mawaya anaima pamsewu ndi uthenga wakewo mpaka masana anakwana, kenaka analowa m'nyumba.